Bearing yolimba si bearing yabwino

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu omwewa kwa ena okonza makina ku Ndirande ndi ku Limbe: pomanga injini ya chainsaw, bearing ya crankshaft (mtsulo womwe umazunguzidwa ndi piston) uyikhomere ndi hamala, ndipo ikamazungulira movutikira usadandaule, imasuka yokha injini ikayamba kulira. Abale anga, izi si zoona, ndipo musamauze anzanu musanatsimikize.

N'zoona kuti bearing iyenera kugwira zolimba pamalo pake. Koma mkati mwake, pakati pa timipira tachitsulo ndi mphete ziwiri zomwe timipirato timayendamo, pamafunika kampata kakang'ono. Kampatako kamachepa bearing ikalowa, kamachepanso injini ikatentha, pajatu makinawa amatha kuzungulira maulendo opitirira 12,000 pa mphindi. N'chifukwa chake ambiri amagwiritsa ntchito bearing yolembedwa C3, yomwe mpata wake ndi wokulirapo. Hamala ikamenya kudzera pa timipira imasiya timaenje m'njira mwake, ndipo timaenjeto sitifafanizika. Bearing imayamba phokoso, kenako kugwedera, seal (labala yotchinga mpweya pa crankshaft) n'kuyamba kulowetsa mpweya, piston n'kupsa.

Njira yodziwika yolowetsera bearing ndi kutenthetsa crankcase (chibokosi chomwe crankshaft imakhalamo) pang'ono, cha m'ma 100 °C, n'kuziziritsa bearing. Imalowa popanda nkhondo.

Kutsimikiza sikovuta. Werengani nambala yolembedwa pa bearing yakale, muyerekeze ndi buku la makinawo. Mukatseka crankcase, zunguzani crankshaft ndi zala musanaike piston. Ikamagwira kapena kukhuluza, musapitirize kumanga, chilipo chalakwika.