Fumbi la malata akale ku Makata

Sabata yatha ku Makata, mu Blantyre, kunabuka mkangano pa nyumba ina yosungiramo katundu. Anyamata aganyu ankasasula denga la malata a asibesitosi (mwala wokhala ndi timaulusi, wokumbidwa m'migodi), wina akudula ndi gilayinda, fumbi lili koboo, kumphuno atangomanga kansalu. Mmodzi atapempha masiki, kapitawo anamuyankha kuti, "Achimwene, malatawa akhala pano chimangireni nyumbayi, anafa nawo ndani?"

Funso limeneli linayankhidwa kale mu 1960. Ku Kimberley, ku South Africa, Dr Sleggs wa pachipatala cha TB ankadabwa kuti odwala ena ochokera kumadera a migodi ya asibesitosi wabuluu sankachira ngakhale amwe mankhwala. Dr Wagner atapima anapeza kuti si TB ayi, koma khansa ya kachikopa kokuta mapapo, mesothelioma. Mwa odwala 33, onse kupatula mmodzi anapumapo fumbilo. Chomvetsa chisoni n'choti ena sanalowepo mumgodi, anangokulira pafupi, n'kumasewera pa milu ya zotayidwa ali ana. Nthendayi imabisala zaka 20 mpaka 40. Mnyamata wa gilayinda uja akamadzayamba kubanika, kapitawo adzakhala ataiwala ndi dzina lake lomwe, ndipo kumudzi adzangoti ndi chifuwa chachikulu.

Kuno kwathu asibesitosi analowa mwakachetechete. Blantyre inkakula nthawi ya chitaganya, 1953 mpaka 1963, katundu wa ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) akulowa mosavuta, ndipo kumeneko, ku Shabanie ndi ku Mashaba, ankakumba asibesitosi woyera. Ena mwa okumbawo anali makolo athu omwe.

Ogulitsa woyerayu akhala akunena kuti ngwosaopsa akasamalidwa. Pang'ono akunena zoona: lata losasweka silitulutsa fumbi lambiri. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mitundu yonse imayambitsa khansa, ndipo pa awiriwa ine ndimamvera amene sagulitsa malata. Britain inaletsa asibesitosi kotheratu mu 1999, South Africa mu 2008. Ife tili ndi lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pantchito, lomwe limati kuteteza wantchito ndi udindo wa womulemba.

Zofunika pa denga lija sizinali zodula: kunyowetsa malata, kumasula mabawuti m'malo modula, masiki enieni osefa fumbi, ndi ovolosi yosapita nayo kunyumba kukachapidwa ndi amayi. Anyamatawo anamaliza ntchito madzulo, tsitsi lili mbuu, zidutswa n'kuzikweza pa wilibala kupita nazo ku Ndirande kukamangira mpanda.