Mchere Sutsuka Mtovu mu Nsomba

Abale, ndatopa nayo nkhani imeneyi. Kwa zaka zambiri pa msika wa Mbare, ku Harare, timamva kuti nsomba ndi nkhanu zochokera kugombe sizingakhale ndi poizoni, ati chifukwa madzi amchere amatsuka chilichonse, ndipo chotsala moto umapha.

Sizili choncho. Zina mwa nsombazi zimagwidwa m'madziwe a m'mphepete mwa nyanja yamchere, omwe khomo lake lotulukira kunyanja ndi lopapatiza. Madzi amachedwa kusinthana, ndiye zitsulo monga mtovu, mekyule ndi kadimiyamu zochokera kumigodi, m'mafakitale ndi m'ngalande za m'tauni zimakhazikika m'matope a pansi. Pamwamba madzi ali mbee, pansi nkhanu ikufukula matope omwewo. Kansomba kakadyedwa ndi nsomba yaikulu, mekyule imasamukira m'mnofu wa yaikuluyo n'kumaunjikana. Moto umapha tizilombo toyambitsa matenda, koma chitsulo sichipsa mumphika, ngakhale muwiritse tsiku lonse. Ku Minamata, ku Japan, matenda obwera ndi nsomba zamekyule anadziwika mu 1956.

Sindikuti nsomba yonse ya kugombe ndi yoipa, ayi. Madziwe amasiyana, ndipo diso kapena mphuno sizingakuuzeni. Chimatiuza ndi labotale: akatswiri amatapa madzi, matope ndi mnofu wa nsomba, m'dzinja ndi m'chilimwe, n'kuyeza mamiligalamu a zitsulozo pa kilogalamu.

Choncho uthenga ukakupezani pa WhatsApp, wotamanda nsomba kapena woopseza, musathamangire kuutumiza. Funsani kaye dziwe lake, chaka chimene anayeza, ndi nambala imene anapeza.