M'bale wanu wamangidwa ndipo akupatsidwa mankhwala a ubongo: zoyenera kudziwa

Uthengawu ndi wa Amalawi okhala mu Johannesburg ndi madera ozungulira, amene m'bale wawo ali m'manja mwa apolisi kapena kundende pomwe mutu wake sukuyenda bwino. Mankhwala a matenda a maganizo ntchito yake ndi kuchiritsa wodwala. Kupalamula mlandu, ngakhale waukulu bwanji, sikupatsa munthu aliyense chilolezo chomubaya mkaidi jakisoni pofuna kumukhaulitsa kapena kuti angokhala phee asavutitse oyang'anira.

Gawo 12 la malamulo aakulu a South Africa limapatsa munthu aliyense ulamuliro pa thupi ndi maganizo ake, ndipo limaletsa kuyeserera mankhwala pa munthu amene sanavomere atafotokozeredwa bwino. Gawo 35 limati womangidwa alandire chithandizo cha chipatala, boma ndilo lilipire. Ufuluwu sufunsa pasipoti. Ngakhale amene mapepala ake adatha kalekale ali nawo.

Khoti likamutumiza kokayezedwa

Woweruza akakayikira ngati woimbidwa mlandu ali bwinobwino m'mutu, amagwiritsa ntchito magawo 77 mpaka 79 a lamulo la Criminal Procedure Act la 1977 kumutumiza kuchipatala cha amisala kwa masiku osapitirira 30, ndipo masikuwa akhoza kuwonjezeredwa. Ambiri a kuno amapita ku Sterkfontein ku Krugersdorp, ena ku Weskoppies ku Pretoria. Mabedi ndi ochepa, choncho munthu amatha kudikira miyezi ali kundende. Pa nthawi yodikirayi kapatseni anamwino a kundende khadi lake lachipatala ndi mayina a mankhwala omwe ankamwa, ngakhale adawayambira ku Zomba Mental Hospital, kuti asadukize.

Madokotala amayankha mafunso awiri: kodi munthuyu angathe kutsatira mlandu wake, nanga pomwe ankapalamula ankazindikira kuti akulakwa? Akapezeka kuti matenda ndiwo adamulamulira, ndipo mlanduwo ndi waukulu monga kupha kapena kugwiririra, akhoza kusungidwa m'chipatala ngati State patient. Pamenepa mvetsetsani. Munthu wotere alibe tsiku lotulukira lolembedwa ngati mkaidi wamba, amatuluka pokhapokha woweruza atalamula atamva malipoti a madokotala. Ndiye malangizo aja a m'selo akuti "ungodzipengetsa, akusiya" ndi msampha. Zikhoza kutheka kukhalitsa m'chipatala kuposa zaka zomwe akadagwira ukaidi.

Kupatsidwa mankhwala asakufuna

Lamulo la Mental Health Care Act la 2002 limalola zimenezi, koma pakhomo pake ndi pothina. Matendawo ayenera kukhala atamulanda munthuyo nzeru zosankhira yekha, komanso pakhale chiopsezo choti adzipweteka kapena apweteka ena, kapena kuti awononga chuma chake kapena mbiri yake. Wodwala amayamba waunikidwa kwa maola 72, ndipo chiganizo chomusunga chimapita ku bungwe loima palokha la Mental Health Review Board. Wodwalayo kapena abale ake akhoza kukadandaula kubungweli pasanathe masiku 30. Kupsa mtima kapena mwano si matenda.

Musatengere apa n'kumamuuza kuti azilavula mapiritsi. Munthu amene akumva mawu omulamula kapena wakhala masiku osagona amavutika zedi, ndipo mankhwala monga haloperidol, chlorpromazine ndi risperidone amabweza ambiri m'chimake, mpaka kutha kulankhula ndi loya wawo momveka. Kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa matenda. Chofunika n'kuyang'anitsitsa mukapita kukamuona: kuuma khosi ndi nsagwada, kunjenjemera manja, dovu, kuyenda mokoka miyendo, kulephera kukhazikika pansi, tulo tosatha. Izi zimachepa dokotala akasintha mlingo kapena mtundu wa mankhwala, choncho nenani msanga. Kutentha thupi kwambiri pamodzi ndi kuuma thupi lonse ndi ngozi yofuna dokotala tsiku lomwelo. Amene akumwa lithium kapena clozapine ayenera kumayezedwa magazi pafupipafupi. Funsani kuti adamuyeza liti.

Chithandizo cha magetsi, ECT, chimaopsa anthu ambiri. Masiku ano chimachitika munthu atagonekedwa tulo, ndipo chimathandiza pa matenda aakulu a kukhumudwa, ngakhale ena amaiwalaiwala kwa kanthawi. Sichiyenera kukhala chilango.

Chifukwa chake malamulowa ndi okhwima

Madokotala adalakwitsapo m'mbuyomu. Egas Moniz adalandira mphotho ya Nobel mu 1949 chifukwa cha opaleshoni yodula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo, yomwe idasiya anthu ambirimbiri ali ngati zidole. Mu 1952 khoti la ku Britain lidauza katswiri wa masamu Alan Turing kuti asankhe ndende kapena jakisoni wa mahomoni. Munthu amene mbali inayo akuona chitseko cha ndende, tinganene kuti wavomera mwa kufuna kwake? Funso lomweli limabwera anthu akamafuula kuti ogwiririra azifulidwa ndi mankhwala, monga momwe California idakhazikitsira mu 1996. Mkwiyo wa anthu ndi womveka, koma mankhwalawo amangotsitsa chilakolako, sachotsa nkhanza, ndipo amafooketsa mafupa. Makhoti a South Africa alibe chilango chotere. Kuno ku Gauteng, odwala 144 adamwalira atachotsedwa m'zipatala za matenda a maganizo za Life Esidimeni mu 2016, ndipo mabanja ambiri sankadziwa n'komwe komwe abale awo adapititsidwa.

Kopeza thandizo

Lembani dzina la mankhwala, mlingo wake ndi dzina la wodi. Pemphani womasulira ngati m'bale wanu samva bwino Chingerezi kapena Chizulu, chifukwa munthu wongokhala chete kaamba ka chinenero akhoza kuoneka ngati wodwala. Loya waulere amapezeka ku Legal Aid South Africa pa 0800 110 110. Madandaulo a kundende, kuphatikizapo ya Johannesburg yomwe anthu amati Sun City, amapita ku Judicial Inspectorate for Correctional Services, yomwe ili ndi anthu oyendera akaidi. Womangidwa ali ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa Malawi idziwitsidwe. Ngati wina akulankhula zodzipha, uzani anamwino nthawi yomweyo, kapena imbani ku SADAG, bungwe lothandiza anthu pa matenda a maganizo, pa 0800 567 567.