Noti imene Verdi sanalembe

Pa 7 Disembala 2000, tsiku limene nyumba ya opera (masewero oimbidwa) ya La Scala mumzinda wa Milan imatsegulira nyengo yake chaka chilichonse, tenala Salvatore Licitra anakuwizidwa ndi anthu okhala m'mipando yam'mwamba chifukwa choimba ndendende zimene wopeka nyimbo analemba. Sewero lake linali Il trovatore la Giuseppe Verdi, ndipo wotsogolera okestra ndi oimba, Riccardo Muti, anali atalamula kuti pasawonjezedwe kanthu. Kumapeto kwa gawo lachitatu, Manrico, msilikali amene Licitra ankamusewera, amamva kuti mayi wake akukatenthedwa pamoto, ndipo amaimba nyimbo yaukali yotchedwa Di quella pira posonkhanitsa asilikali ake. Kwa zaka zoposa 100 omvera akhala akudikira pamenepo noti yotchedwa C wam'mwamba, yogwedeza denga, koma mukatsegula buku la manoti la sewero la 1853 limeneli, C ameneyo simumupeza. Amene munaimbapo m'kwaya ndi manoti a doh, re, mi mumvetsa msanga: pamene Verdi analemba soh, chizolowezi chimafuna doh wapamwamba pake.

Pa ntchito yanga yophunzitsa oimba ndi kuwaimbira piyano pokonzekera, funso la manoti otere limabwera pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ophunzira amalifunsa ngati kuti yankho lake ndi inde kapena ayi. Anthu a ku Italy noti yosinthidwa chotere amaitcha puntatura, ndipo kuimba motsata zolembedwa amakutcha come scritto. Mbali ziwirizi zakhala zikukokana kwa nthawi yaitali, koma kuti tione chifukwa chake mkanganowo sutha, tiyenera kubwerera ku nthawi imene woimba wosawonjezera kanthu ankaonedwa ngati waulesi.

M'zaka za m'ma 1700, m'masiku a George Frideric Handel, nyimbo zambiri za mu opera zinali ndi zigawo zitatu, ndipo chachitatu chinali kubwereza choyamba. Wopeka sankachilembanso n'komwe, ankangoika mawu akuti da capo, kutanthauza kuti yambiraninso pamutu. Pobwerezapo woimba ankayenera kukometsera nyimboyo ndi timanoti take, kuthamangitsa liwu m'mwamba ndi pansi, ndi kupeka kamathero kakekake okestra ili chete. Pier Francesco Tosi, amene anatulutsa buku lophunzitsa kuimba mu 1723, anaona luso limeneli ngati muyeso weniweni wa woimba, ngakhale kuti anadzudzulanso amene ankachita mopitirira. Buku la manoti linali ngati nyumba yoimikidwa mitengo ndi denga, imene woimba ankabwera kudzaimata ndi kuizira. Gioachino Rossini, amene anakula mwambowo udakali wamoyo, anayamba kulemba yekha zokometsera zambiri, ndipo imasimbidwa nkhani yakuti Adelina Patti ali mtsikana atamuimbira nyimbo ya Rosina ya mu sewero la Rossini yemweyo atainyamulitsa zokongoletsa, mkuluyo anamuyamikira kenako n'kufunsa kuti anaipeka ndani.

Chimene chinasintha zinthu kwenikweni chinali kaimbidwe ka tenala. Kufikira cha m'ma 1830, atenala akafika pamanoti apamwamba ankapepukitsa liwu n'kulipititsa kumutu, moti linkamveka lofewa ndi lotha kupindika. Gilbert Duprez, Mfalansa amene anakhala zaka zingapo akuimba ku Italy, atafika ku Paris mu 1837 anaimba C wam'mwamba mu Guillaume Tell ndi liwu lonse la pachifuwa, ndipo mzinda wonse unatekeseka. Rossini, mwini sewerolo, akuti anayerekeza phokosolo ndi kulira kwa tambala wofula akudulidwa khosi. Omvera sanagwirizane naye. Adolphe Nourrit, amene anali tenala wamkulu wa ku Paris ndi katswiri wa kaimbidwe kakale, anachoka kupita ku Italy kukayesa kusintha liwu lake, ndipo anadzipha ku Naples mu 1839. Kuyambira nthawi imeneyo noti yapamwamba inasiya kukhala chimodzi mwa zokometsera zambiri, n'kukhala chiyeso cha mphamvu chimene anthu amagulira tikiti kuti aone ngati munthu apambana kapena agwa.

Apa pali chinthu chimene oikira kumbuyo manoti owonjezera sakonda kuchimva. Iwo amati akuteteza ufulu wa woimba, koma woimba wa nthawi ya Handel ankapeka zake ndipo ankatha kusintha usiku uliwonse, pamene woimba wa lero amawonjezera noti yomwe ija, pamalo omwe aja, imene aphunzitsi ake anaimva kwa aphunzitsi awo. Manoti apamwamba monga B wakumapeto kwa nyimbo ya La donna è mobile mu Rigoletto, E-flat wa Violetta potseka gawo loyamba la La traviata, A-flat wa baritoni m'mawu otsegulira Pagliacci, zonsezi sizinalembedwe ndi opeka, koma zinakhazikika kotero kuti woimba wozisiya amaganiziridwa kuti liwu lamuthera. Luigi Ricci, amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi oimba ku Rome, anasonkhanitsa miyambo yotereyi m'mabuku amene kampani ya Ricordi inasindikiza, ndipo ophunzira amawaloweza mpaka lero. Ngakhale mpikisano wotchuka wa sopulano ndi chitoliro pamene Lucia wapenga mu Lucia di Lammermoor si wa Gaetano Donizetti, amene anapeka seweroli mu 1835. Unafala patapita zaka zoposa 50, Nellie Melba atauimba ku Paris mu 1889. Choncho chimene chinayamba ngati ufulu chinasanduka lamulo lachiwiri, lolimba kuposa la wopeka chifukwa olikhazikitsa ake amakhala m'holo momwemo ndipo amakuwiza.

Verdi mwiniwake ankadana ndi oimba ndi otsogolera odziyesa opeka anzake, ndipo m'makalata ake kwa Ricordi anaumirira kuti masewero ake aziimbidwa monga analembera. Arturo Toscanini atayamba kutsogolera La Scala mu 1898 anamenya nkhondo yomweyo, mpaka analetsa kubwereza nyimbo pakati pa sewero anthu akaomba m'manja. Pambuyo pake akatswiri ofufuza, monga Alberto Zedda ndi Philip Gossett, anabwerera ku mapepala olembedwa ndi dzanja la opeka n'kutulutsa mabuku ochotsa zimene mibadwo inamatapo. Muti anachokera mu mzere umenewu. Komabe Gossett yemweyo ankaphunzitsa kuti mu nyimbo za Rossini, Bellini ndi Donizetti kukometsera pobwereza ndi mbali ya kalembedwe kake, moti kuimba ndime ziwiri mofanana ndendende n'kulakwira wopeka mwa njira ina.

Ine sindiona kuti funso lothandiza ndi lakuti notiyo inalembedwa kapena ayi. Chimene ndimafunsa wophunzira n'chakuti notiyo ailipira ndani, pakuti palibe noti yowonjezera imene imabwera ulere. Tengani Di quella pira yomweyo. Munthu amene mayi wake ali pafupi kutenthedwa akhoza kufuula, ndipo C akatuluka bwino pamwamba pa kwaya ya asilikali, ine ndemwe tsitsi limandiima. Koma onani zimene atenala ambiri amachita kuti amufikire. Verdi analemba kuti nyimboyo iimbidwe kawiri, iwo amadula ndime imodzi. Pamene Manrico ayenera kuimba limodzi ndi asilikali ake, iwo amakhala chete, akusunga mpweya, mtsogoleri wa nkhondo ali duu lupanga m'manja pamene anyamata ake akukuwa. Ndipo kawirikawiri okestra imatsitsa kiyi ya nyimbo yonse, kotero kuti chimene anthu amachiombera m'manja ngati C chimakhala B, noti yapansi pake. Pofuna noti imodzi imene Verdi sanalembe, pamatayika manoti ambirimbiri amene analemba.

Chitsanzo chimene chimandipweteka kwambiri chili kumapeto kwa gawo loyamba la La bohème ya Giacomo Puccini. Mimì ndi Rodolfo angodziwana kumene m'kachipinda kozizira, atuluka atagwirana mikono, ndipo mawu awo omaliza amamvekera kuseri kwa siteji, akuzilala pang'onopang'ono. Puccini anapatsa Mimì doh wam'mwamba ndipo Rodolfo anamupatsa mi wapansi pake, kuti mawu awiriwo alukane monga amachitira sopulano ndi tenala m'kwaya yabwino. Atenala ambiri amakwera n'kukaimba doh nawonso. Zikatero mi uja, amene ndiye amapatsa mathero kukoma kwake, amasowa pakati pa oimbawo, ndipo popeza C wa tenala ndi wovuta kumuimba motsitsa, chikondi chonong'onezana chimasanduka kuitanizana kwa anthu ali kutsidya kwa mtsinje. Palinso kulakwa kwina kofanana nako kumene kumachitika pa noti yolembedwa. B-flat womaliza wa Celeste Aida, nyimbo ya tenala mu sewero la Aida, Verdi anamulemba kuti aimbidwe motsitsa kwambiri mpaka azime, koma ambiri amamukhoma ndi mphamvu zonse chifukwa kutero n'kosavuta. Toscanini pojambula Aida mu 1949 ndi tenala Richard Tucker anagwiritsa ntchito njira ina imene Verdi analola, yoti tenala akafika pamwambapo abwereze mawu omaliza motsitsa pa noti yapansi.

Mwambo wa pakati pa oimba okhaokha ndi wosavuta kuufotokoza, ngakhale kuti umaswedwa kawirikawiri. Noti iliyonse yowonjezera imakambidwa pokonzekera, wotsogolera n'kuvomereza, chifukwa iye ndiye ayenera kuimitsa anthu 70 kapena 80 pamene woimba akukoka liwu, ndipo oimba malipenga ndi zitoliro nawonso ali ndi mapapo amene amatha mpweya. Mu nyimbo ya anthu awiri, onse amagwirizana ngati akwera kapena ayi, ndi kuti asiya liti, ndipo amasiyira pamodzi. Kukoka noti kupitirira mnzako mwadala ndi chipongwe chimene sichiiwalika m'zipinda zovalira. Sopulano Birgit Nilsson ndi tenala Franco Corelli anatchuka ndi mpikisano wotere mu Turandot ku Metropolitan Opera ya ku New York cha m'ma 1960, ndipo omvera ankasangalala nawo, koma awo anali anthu awiri a mawu achitsulo amene aliyense ankadziwa kuti mnzake sagonja. Woimba wamkulu akachitira zomwezo wachinyamata amene akuyamba kumene, kumeneko ndi kupondereza basi.

Nkhani ya sopulano Maria Callas ku Mexico City mu 1950 ndi imene ophunzira anga amaikonda, ndipo amaitenga molakwika. Mu Aida, potseka gawo lachiwiri, pamene oimba onse, kwaya ndi okestra akulira pamodzi, Callas anakwera pa E-flat wam'mwamba amene Verdi sanamulote, n'kumukoka pamwamba pa khamu lonselo. Monga nkhaniyi imasimbidwira, poyamba anakana pamene mkulu wa nyumba ya opera ya kumeneko anamupempha kutero, ndipo anasintha maganizo chifukwa tenala Kurt Baum anali kukoka manoti ake mosalabadira anzake. Holo inasokonekera ndi chisangalalo, Baum anapsa mtima, ndipo chaka chotsatira Callas anabwerezanso notiyo mumzinda womwewo ali ndi tenala wina, Mario Del Monaco. Chojambulidwa cha 1951 chilipo, ndipo sindinama, chimanjenjemeretsa. Koma Aida pamalo amenewo ndi kapolo amene wangoona bambo ake atagwidwa ndiponso mwamuna amene amamukonda akupatsidwa mkazi wina, ndipo noti yachipambano siigwirizana ndi mtima wosweka wotero. Callas atakhwima ankalankhula kwambiri za kutumikira wopeka, ndipo pojambula Aida mu situdiyo mu 1955 E-flat uja sanamuikemo.

Zaka zingapo zapitazo ndinkakonzekeretsa ophunzira awiri nyimbo ya La bohème ija kuti akaimbe pa konsati. Tinagwirizana kuti mnyamata aimba mi monga zinalembedwera, ndipo mtsikana anatha masabata atatu akuphunzira kutulutsa C wake mofewa ngati ulusi, chinthu chimene chimafuna kulimba mtima kuposa kufuula. Usiku wa konsati, mnyamatayo ataona kuti liwu lili bwino ndipo abale ake ali kutsogolo, anakwera. Ndinali pa piyano, ndipo ndinaona mapewa a mtsikanayo akugwedezeka ndi kudzidzimuka. Anayesa kuwonjezera mphamvu kuti amveke, liwu linang'ambika, ndipo anthu anapita kwawo akunena kuti sopulano ndiye analephera. Mnyamatayo atabwera kwa ine akumwetulira anati, "Aphunzitsi, mwamumva C uja?" Ndinamuuza kuti ndamumva, ndipo ndinamutuma kukapepesa asanavule jekete.

Chomaliza chimene ndimaumirira n'chakuti noti yosalembedwa iyenera kukhala yokhazikika kuposa yolembedwa. Woimba akaphonya noti imene wopeka anamulamula, omvera amamumvera chisoni, koma akaphonya imene anadzisankhira yekha, alibe pothawira. Ndimauza ophunzira kuti ngati satha kuitulutsa m'mawa atangodzuka, atatopa, kapena ali ndi kachimfine, ndiye kuti sinafike poti n'kuionetsa kwa anthu. Liwu ndi mnofu, ndipo limasintha ndi tulo, nyengo ndi msinkhu. N'chifukwa chake oimba odziwa ntchito amakonzeratu njira ziwiri, yokwera ndi yolembedwa, n'kupangana ndi wotsogolera kachizindikiro, kaya kugwira pachifuwa kapena kutsitsa lupanga, kosonyeza kuti usiku uno sakwera. Wotsogolera akakaona sadikira, amapitiriza kugunda nthawi, okestra imatseka nyimbo monga Verdi anaitsekera, ndipo mwa anthu 2,000 okhala m'holo, amene amazindikira kuti panali kupangana ndi owerengeka chabe.