Yuniyoni za atolankhani a magemu ku America: mafunso ndi mayankho

Munthu wolemba za magemu a PlayStation akufuniranji yuniyoni?

Chifukwa ku America lamulo limalola bwana kukuchotsa ntchito tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa, bola asakuchotse mwa tsankho. Ndiye kaya umavala tayi kaya umakhala pa kompyuta kuyesa gemu mpaka pakati pa usiku kuti nkhani ituluke mawa, ndiwe wantchito basi. Anthu a ku Gawker Media, kampani yomwe inali ndi Kotaku, tsamba la pa intaneti la nkhani za magemu, adaziona izi mu 2015 n'kuvota kulowa mu yuniyoni ya olemba ya Writers Guild of America East. Kenako a ku Vox Media, komwe kunali tsamba lina la magemu la Polygon, nawonso adalowa, ndipo mu 2024 a ku tsamba la magemu la IGN adakhazikitsa yawo pansi pa yuniyoni ya atolankhani ya NewsGuild.

Amayamba bwanji?

Mwakachetechete, pa foni zawo osati za kampani. Aliyense amasaina kakhadi kovomera kuti akufuna yuniyoni. Ambiri akasaina amapita kwa mabwana kuti aivomereze mwa kufuna kwawo. Mabwana akakana, nkhani imapita ku National Labor Relations Board, bungwe la boma loyang'anira lamulo la 1935 la zantchito. Makhadi a anthu 30 pa 100 alionse amakwana kuitanitsa chisankho, koma kuti yuniyoni ipambane pamafunika mavoti opitirira theka la omwe avota, n'chifukwa chake odziwa sathamanga ndi 30 yokhayo.

Bwana sangakuchotse chifukwa chosaina?

Lamulo limaletsa. Koma mlandu wake umatenga nthawi, ndiye mantha amakhalapo ndithu.

Aliyense angalowe?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe pamawawa. Mamanejala ndi akonzi omwe ali ndi mphamvu yolemba kapena kuchotsa anzawo ntchito salowa. Olemba aganyu, aja amalipidwa pa nkhani iliyonse, lamuloli siliwateteza, chonsecho nkhani zambiri za magemu, makamaka zija zokuuza momwe ungadutsire levulo yovuta, amalemba ndi iwowo.

Voti ikadutsa malipiro amakwera pompo?

Kutalitali! Voti imangokakamiza kampani kukhala pansi kukambirana mwachilungamo, siikakamiza kuvomera chilichonse. Kontrakiti yoyamba imatha kutenga chaka kapena kupitirira, misonkhano yosatha, maloya a kampani akukoka mawu amodziamodzi. A ku Vox adachita kunyanyala ntchito tsiku limodzi mu June 2019 kuti kontrakiti yawo itheke. Mu March 2022 a ku masamba a Kotaku, Gizmodo, Jezebel ndi anzawo pansi pa kampani ya G/O Media adachita sitalaka masiku angapo, n'kupempha owerenga kuti asatsegule masamba awo mpaka atagwirizana. Zomwe amalimbira nthawi zambiri ndi malipiro oyambira, inshuwalansi ya chipatala (ku America imadalira ntchito, ukachotsedwa yapita), ndalama yopatsidwa ukachotsedwa, komanso kuti bwana azipereka chifukwa chomveka asanakuchotse. Ena akuwonjezera kuti kampani isamaike nkhani zolembedwa ndi AI (mapulogalamu a kompyuta olemba okha) mwachisawawa, komanso kuti otsatsa malonda asamalowerere pa zolemba, zomwe kwa wolemba za magemu ndi nkhani yaikulu chifukwa kampani yomwe ukuidzudzula gemu yake ndi yomweyo ikulipira zotsatsa patsamba.

Nanga yuniyoni imaletsa kampani kugulitsidwa kapena kutsekedwa?

Siiletsa. Polygon inali ndi yuniyoni koma mu 2025 Vox idaigulitsa kwa kampani ina yotchedwa Valnet ndipo anthu ambiri adachotsedwa. Chomwe kontrakiti imachita ndi kuonetsetsa kuti sukutuluka chimanjamanja. Ena atatopa nazo adangoyambitsa zawo, monga Aftermath mu 2023, tsamba lomwe eni ake ndi olemba omwe kale anali ku Kotaku, ndipo limayenda ndi ndalama za owerenga olipira mwezi ndi mwezi.