Ekwendeni, mkulu amene akugoneka antchito a mng'ono wake

Anthu ambiri amaona Ekwendeni ngati khonde la Mzuzu, pomwe wamkulu pa awiriwa ndi Ekwendeni. Mishoni ya pamalopa idakhazikitsidwa mu 1889 ndi Walter Angus Elmslie wa Livingstonia Mission, m'dziko la Angoni a Inkosi Mtwalo. Nthawi imeneyo kunalibe mzinda wotchedwa Mzuzu. Mzindawu udaphuka m'ma 1940 pa esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, ndipo udalandira ulemu wa mzinda mu 1985.

Chidakulitsa Ekwendeni poyamba ndi tchalitchi, sukulu ndi chipatala. Mpaka lero ndi zomwezo zikugwira tauniyi: chipatala cha mishoni cha CCAP Synod of Livingstonia, koleji ya anamwino, sekondale ya atsikana, ndi nthambi ya University of Livingstonia. Ophunzira amafuna zipinda za lendi, odwala amabwera ndi owadikirira ofuna chakudya, ndiye msika ndi magolosale zidamera m'mbali mwa msewu wa M1.

Kukula kwa masiku ano kukuchokera kwina. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 220,000 mu Mzuzu, ndipo mapuloti a ku Chibavi, Luwinga kapena Katoto sagwirikanso kwa mphunzitsi kapena kalaliki wamba. Ekwendeni ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Mzuzu, ulendo wa theka la ola pa minibasi kapena Sienta ikadzaza msanga. Munthu amagona kumeneko, ntchito nkumagwira m'tauni. Koma woganiza zosamukira awerengere thiransipoti ya masiku 22 a ntchito pa mwezi, kupita ndi kubwerera, asanakondwe ndi kutsika kwa lendi. Mafuta akasowa mitengo imakwera tsiku lomwelo.

Vuto lenileni lili pa malo. Ekwendeni siili pansi pa khonsolo ya mzinda wa Mzuzu. Ili m'boma la Mzimba, pansi pa M'mbelwa District Council, yomwe likulu lake lili makilomita oposa 100 kuchokera pamenepo. Malo ambiri ozungulira mishoni ndi a makolo. Banja limadula munda m'zidutswa, kuyeza ndi mapazi kapena chingwe, malire nkukhala chulu kapena mtengo wa mango. Wogulitsa aliyense amafuna kupindula ndi mita iliyonse, ndiye msewu sausiyira malo. Pakapita zaka zisanu mumapeza nyumba zabwino za malata zomwe galimoto yonyamula mchenga, ngakhale ambulansi, siingafikeko, ndipo a ESCOM ndi a Northern Region Water Board amasowa podutsitsa mapolo ndi mapaipi. Pamapuloti opanikizanawa chimbudzi cha wina chimakumbidwa pafupi ndi chitsime cha mnzake, pomwe a zaumoyo amalangiza mtunda wosachepera mamita 30, chimbudzi chili kumunsi.

Kalata ya a nyakwawa payokha siikwanira. Wogula akumane ndi abale onse a mwini munda, makamaka a kuchimuna, poti kuno malo amatsata bambo, ndipo mwana amene ali ku Johannesburg akhoza kubwera nkuukana mgwirizanowo. Aitane savaya aike mabikoni a simenti pamaso pa oyandikana nawo, kenaka atsate zolembetsa malowo motsatira Customary Land Act ya 2016. Puloti akaiwone mu February, mvula ili pakati, osati mu October pomwe dambo lililonse limaoneka louma.