Musanagule capture card, dziwani kaye ntchito yake

Achinyamata amene amabweretsa ma PlayStation awo kuti ndiwakonzere amakonda kundifunsa kuti agule chiyani kuti azijambula magemu n'kumaika pa YouTube. Ine ndimayamba ndawafunsa makina amene akusewerera, chifukwa ambiri mwa iwo safunika kugula kalikonse.

PlayStation 4, imene inatuluka mu 2013, ili ndi batani la Share pa padi. Makinawa amajambula okha nthawi yonse imene mukusewera, ndiye mukagoletsa chigoli chokoma n'kudina batanilo, amasunga mphindi 15 zapitazo, ndipo mutha kuwauza kuti azisunga mpaka ola lathunthu. Pa PS5 batani lomwelo likutchedwa Create. Makina onse awiriwa amathanso kuonetsa masewera pa Twitch kapena YouTube pomwe mukusewera, popanda kompyuta. Xbox nayo imajambula yokha. Youmira ndi Nintendo Switch, imene imasunga masekondi 30 okha. Amene ali ndi Switch Lite asataye ndalama kugula capture card, makinawo satulutsa zithunzi kupita pa TV, choncho palibe chingwe chowajambulira.

Capture card imayamba kufunika mukafuna zambiri: nkhope yanu ioneke pakona, mawu anu amveke bwino, dzina la tchanelo likhale pamwamba, kapena mujambule mpikisano wa tsiku lonse. Ndi kabokosi kamene kamakhala pakati pa makina osewerera ndi TV. Chingwe cha HDMI chochokera ku makina chimalowa m'kabokosiko, china chimatuluka kupita ku TV, ndipo cha USB chimapita ku laputopu. Kumeneko pulogalamu ya OBS Studio, imene ndi yaulere, ndiyo imajambula. Mayina odziwika ndi Elgato, imene inayambira ku Munich n'kugulidwa ndi Corsair mu 2018, komanso AVerMedia ya ku Taiwan, imene mabokosi ake ena amajambulira pa memory card popanda laputopu.

Chingwe chotulukira ku TV chija ndicho chimene ndimayang'ana poyamba. Zithunzi zikamadutsa mu USB n'kufika pa laputopu zimachedwa pang'ono. Woonera sazindikira, koma wosewera amazimva m'zala: mwadina kuti mupatsire mpira, koma chimene mukuona chachitika kale, mdani walanda. N'chifukwa chake mumasewera mukuyang'ana TV, laputopu n'kumagwira ntchito yake pambali. Timabokosi totchipa tooneka ngati flash, tolembedwa 4K (kutanthauza zithunzi zooneka bwino kwambiri) ndi zilembo zikuluzikulu, nthawi zambiri tilibe khomo lotulukirali. 4K imeneyo ndi imene timalandira, koma chimene timapereka ku laputopu kawirikawiri sichiposa 1080p (yotsikirapo kuyerekeza ndi 4K) pa zithunzi 30 pa sekondi, chifukwa m'kati mwake ndi USB 2.0 ngakhale pakamwa pake papakidwa buluu kuti tioneke ngati ta USB 3.0 yothamanga. Sindikutinyoza, poyambira timathandiza, bola mugule mukudziwa.

Vuto limene limabweza anthu kwa wogulitsa ali okwiya ndi lakuti alumikiza zonse koma pa laputopu pangoti bii. Kawirikawiri kabokosi sikanafe. Ndi HDCP, loko imene inaikidwa mu HDMI kuti anthu asamakopere mafilimu. Pa PS4 lowani mu Settings, kenako System, muchotse chizindikiro pa Enable HDCP. Pa PS5 njira ndi yomweyo, kungoti mukafika mu System mumalowanso mu HDMI. Mukatero Netflix ikana kutseguka mpaka mutaibwezera. Pa PS3 lokoyi sichoka, n'chifukwa chake akale ankajambula kudzera pa zingwe za component, zisanu zamitundumitundu zija.

Tsopano za kuno kwathu. Kuonetsa masewera pompopompo pa 1080p kumafuna intaneti yotumiza pafupifupi 6 Mbps mosadukiza. Muwerengere nokha: pa ola limodzi ndi 2.7 GB. Amene amadalira bandulo ya pa foni aona kuti masewera a madzulo amodzi angamalize ya mwezi. Langizo langa n'lakuti muzijambula kaye, mudule mbali zosasangalatsa, mutumize mphindi zisanu kapena khumi zimene munthu angaonere mpaka kumapeto. Oonera anu nawonso akulipira bandulo. Ndipo mu OBS sankhani kuti fayilo izisungidwa ngati MKV, osati MP4 wamba. Magetsi akazima muli pakati pojambula, MP4 imawonongeka yonse chifukwa imamalizidwa kulembedwa kumapeto, pamene MKV imasunga zonse mpaka pamene zinadukira. Mukatha, OBS yomweyo imaisandutsa MP4 m'kanthawi kochepa.

Mawu nawo amasokoneza. Mukalumikiza mahedifoni ku padi ya PlayStation, phokoso la gemu limatha kupita konko, kanema n'kutuluka wopanda mawu. Jambulani mphindi imodzi, muimvetsere, kenako muyambe zenizeni. Komanso ngati mukusewera FIFA, kapena EA Sports FC monga ikutchedwa kuyambira 2023, zimitsani nyimbo za m'gemumo musanayambe. Nyimbo zimenezo zili ndi eni ake, ndipo YouTube ikazizindikira, ndalama za kanema wanu zingapite kwa iwo kapena kanemayo angatsekedwe m'mayiko ena.